Nkhope imodzi ya Elizabeth I ikukwanirani

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene akuchita masters ku England, pa zithunzi za penti za mafumu a banja la Tudor. Chaka chatha amayi ake anadwala nthawi yaitali mpaka kutisiya, ndipo iye anatha miyezi 7 osatsegula n'komwe fayilo ya thesis. Kwatsala miyezi inayi. Akufunsa kuti: "Ndingosiya, kapena chilipo choti n'kupulumutsa?"

Achemwali, pepani kwambiri ndi zovutazo. Koma musasiye.

Pulani munanditumizira ija ndaiwerenga kawiri. Machaputala 6, kuyambira pa Henry VII mpaka imfa ya mfumukazi Elizabeth I mu 1603! Ndinene mosapsatira: umenewo ndi munda wa banja lonse pamene inu khasu n'limodzi. Unali waukulu ngakhale matenda asanalowe pakhomo.

Thesis yanu yabisala m'chaputala chachinayi, chija mukunena za nkhope ya mfumukazi. Tengani chithunzi chotchedwa Darnley, cha m'ma 1575. Nkhope ya pamenepo inasanduka ngati chidindo: kwa zaka zambiri ojambula ena ankangoikopera, n'kusintha zovala ndi mikanda basi, mwiniwake osamuona. Boma nalo silinagone. Mu 1563 linakonza chilengezo choletsa kujambula mfumukazi mwachisawawa, ngakhale chinangothera papepala. Mu 1596 Privy Council, khonsolo ya alangizi a mfumukazi, inalamula kuti zithunzi zosamuyenera zifufuzidwe n'kuwonongedwa. Nthawi yomweyo Nicholas Hilliard ankamujambula ndi nkhope yosalala ya namwali, chonsecho mayiyu anabadwa mu 1533. Funso n'limodzi: ndani ankagamula maonekedwe a nkhope ya mfumukazi, ndipo zinatheka mpaka pati? Ife amene tinakula tikuona chithunzi cha Kamuzu muofesi iliyonse ndi pansalu za mbumba, funso limeneli silitidabwitsa.

Henry VIII ndi wojambula wake Holbein apatseni masamba awiri m'mawu oyamba. Zikupwetekani, ndikudziwa, poti munawerenga zambiri. Sungani manotsiwo mufayilo ina.

Za supavaiza mwati mukuchita manyazi kumulembera chifukwa munangoti zii. Mulembereni lero, mizere itatu: munaferedwa, mwabwerera, mukufuna kuchepetsa mutu. Mufunsenso za fomu yopempha nthawi yoonjezera. Mayunivesite a kumeneko amaiona imfa ya kholo ngati chifukwa chomveka, koma kawirikawiri amafuna setifiketi ya imfa, choncho uzani achibale akutumizireni msanga.

Nanga poyambira kulemba? Osati pa mawu oyamba, amenewo amabwera kumapeto. Kwerani sitima mupite ku National Portrait Gallery ku London, polowa salipiritsa. Kaimeni patsogolo pa chithunzi cha Ditchley, chimene Marcus Gheeraerts wamng'ono anajambula cha m'ma 1592. Elizabeth waima pa mapu a England, mapazi ali pa Oxfordshire, mbali ina mitambo ya mkuntho, mbali ina kwacha. Kenako muyang'anitsitse nkhopeyo. Ukalamba ukuoneka ndithu, pamene m'makope ojambulidwa pambuyo pake anaufewetsa. Lembani m'kope zimene maso anu akuona, tsamba limodzi, buku lililonse lili chitsekere. Mukafika kunyumba mulitaipe, ndipo mundiuze kuti latuluka mawu angati.