Kodi tilembe "mafani" kapena "otsatira"? Funso la kanema wa Star Wars

Wowerenga wina akulemba za mmene anthu analandirira kanema wa Star Wars wotchedwa Revenge of the Sith, ndipo wafunsa ngati nkoyenera kulemba kuti "mafani anakondwera ndi prikwelo yomaliza."

Funso lanu landikondweretsa, koma chiganizocho ndachikana. Liwu loti "prikwelo" musalilembe, chifukwa owerenga ambiri sangalimve. George Lucas, mwini nkhani ya Star Wars, anayamba ndi makanema a 1977, 1980 ndi 1983, kenako anabwerera m'mbuyo kuti afotokoze gwero la nkhaniyo mu 1999, 2002 ndi 2005. Choncho lembani kuti "kanema wotsiriza mwa atatu ofotokoza chiyambi cha nkhani," ndipo aliyense amva.

Liwu loti "mafani" ndilo limandiwawa, pakuti achinyamata a pawailesi alizolowera ngati kuti Chichewa chilibe mawu ake. Tili ndi "okonda," "ochemerera" ndi "otsatira," ndipo mawu atatuwa sanena chinthu chimodzi. "Kuchemerera" kumachokera ku "kuchema," komwe ndi kufuula, ndipo ndili mwana ndinkamva akuluakulu akuligwiritsa ntchito pagule ndi pampira pokha, pomwe pali nthungululu ndi kuwomba m'manja. Liwuli lingayenere anthu amene anadzaza nyumba zoonetsera kanema pakati pa usiku mu Meyi 2005 nkumaombera m'manja Anakin Skywalker, ngwazi ya m'nkhaniyi, atavekedwa chigoba chakuda nkusanduka chigawenga chotchedwa Darth Vader, koma silikwanira pa zonse zimene anachita.

Anthuwa sanangokondwa ayi. Ambiri anavomereza kuti kanemayu anaposa awiri a 1999 ndi 2002 aja, anayamikira nkhondo ya Anakin ndi mphunzitsi wake Obi-Wan Kenobi pakati pa chiphalaphala cha moto kudziko la Mustafar, ndipo mitima yawo inakhala pansi poona kuti Jar Jar Binks, wanthabwala wa m'nkhaniyi amene ankadana naye kuyambira 1999, sanapatsidwenso mpata wolankhula zambiri. Komabe anthu omwewo ananyoza mawu achikondi a Anakin ndi mkazi wake Padmé kuti ndi ozizira, anang'ung'udza kuti Padmé anamwalira chifukwa chongotaya mtima wofuna kukhala ndi moyo, ndipo anaseka kulira kwa Vader atamva za imfayo. Munthu wodandaula chotere, koma nkubwereranso kukaonera kachiwiri, kumutcha "wokonda" nkumupeputsa, chifukwa wokonda ukamukhumudwitsa amachoka.

Ine ndikuti ameneyu ndi "wotsatira." Wotsatira amayenda pambuyo pa chinthu zaka zambiri, m'zabwino ndi m'zoipa zomwe, monga anachitira ena amene anagona pamzere masabata angapo kunja kwa nyumba yoonetsera kanema ya Grauman's Chinese Theatre ku Hollywood, ngakhale anauzidwa kuti kanemayo sadzayambira kuonetsedwa kumeneko. Pocheza ndi anzanu nenani "mafani" ngati mwafuna, sindikuletsani, koma m'nkhani yanu lembani kuti "otsatira Star Wars anakhutira ndi kanemayu, ngakhale sanasiye kudandaula."