Feteleza wotsika mtengo asathe, koma asamayende yekha

Mayi wina amene amalima ku Ntchisi wandilembera imelo. Akuti akhala akumva pa wailesi kuti ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo isinthidwe chifukwa cha kusintha kwa nyengo, ndiye akufunsa ngati imeneyi si njira yongowalanda matumba awo awiri aja.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Chiyambire 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika linabweretsa makuponi, thumba la feteleza wokulitsa ndi la wobereketsa ndiwo akhala akusiyanitsa banja lodya zake ndi banja loyamba maganyu mu Disembala. Ndondomeko yatsopano yotchedwa AIP itayamba mu 2020, alimi oposa 3 miliyoni ankagula thumba pa K4,495. Pofika 2022 linali pa K15,000, ndipo mayina anayamba kuchepa m'kaundula chaka ndi chaka. N'chifukwa chake mukamva zoti zisinthe, mtima umathamangira kuti zitha.

Ine sindikufuna kuti feteleza achotsedwe. Mlimi wa kuno amathira wochepa kwambiri, ndipo si iye wasokoneza nyengo ya dziko lapansi. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama zochuluka za Unduna wa Zaulimi zakhala zikuthera pa matumba, pamene nthaka yolandira fetelezayo ikuguga ife tikuona. Munda wolimidwa chimanga chokhachokha zaka ndi zaka, mapesi n'kumatenthedwa, umauma gwa. Mvula ikagwa madzi amangodutsa pamwamba, kukokolola chonde pamodzi ndi feteleza yemweyo. Kenako kaufiti amatulukira ndi timaluwa take tofiira. Thumba ndi lomwe lija, koma ngolo zokolola zikuchepa.

Nyengo yangoonjezera chilonda. Namondwe Freddy anasesa minda ya m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023. Chaka chotsatira ng'amba inapsereza chimanga mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Amene anathira wobereketsa pa nthaka youma nthawi imeneyo akudziwa kuti ndalama zija zinapsera m'munda.

Kusintha kumene ndikukufuna ndi kotere. Gawo la ndalamazo lipite ku mbewu ya nandolo, mtedza, soya ndi khobwe, ndipo ifike pamodzi ndi feteleza. Nandolo wobzalidwa pakati pa mtedza amayoyola masamba ake m'mizere, mizu yake imaboola nthaka yolimba, ndipo chimanga chobwera pambuyo pake chimamva feteleza msanga. Taonaninso munda umene uli ndi msangu. Mtengowu umathothola masamba nthawi ya dzinja, choncho sutchinga dzuwa, ndipo chimanga cha pansi pake chimakhala chobiriwira bii kusiyana ndi cha kumbali. Mlimi wosamala misangu, wosunga mapesi, wokonza akalozera ndi kubzala vetiva, bwanji boma osamuwonjezera kenakake? Amenewa ndiwo akugwira ntchito ya dziko.

Alangizi nawonso achuluke. Mlangizi mmodzi woyang'anira midzi yambirimbiri pa njinga yakapalasa sangapime nthaka ya aliyense, pamene minda ina ikufuna laimu kuposa Urea. Ndipo zipangizo zizifika mvula isanagwe, osati mu Januwale chimanga chitafika kale m'mawondo, mavenda atazungulira depoti. Ku Zambia anayesa e-voucher, kuponi ya pa khadi longa la ku banki, kuyambira 2015 kuti mlimi azisankha yekha chogula. Netiweki ndi kuchedwa kwa ndalama kunawavutitsa, komabe ganizo lolola mlimi kusankha ndi labwino.

Inuyo mayi, musadikire kuti ku Capital Hill agwirizane kaye. Mapesi a chaka chino musawatenthe. Pemphani alangizi akuonetseni kapangidwe ka manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, amene amapsa pakatha masabata atatu. Ndipo aphungu akabwera ku msonkhano kwanuko, muwafunse za mbewu ya nandolo ndi tsiku limene zipangizo zifike, osati mtengo wa thumba wokha.