Golide wa John Sutter uja anapita kuti?

Mwandilembera pa imelo, achimwene, kuti: "Ndinamva kuti golide wa ku California anapezeka pamalo a John Sutter. Zinatheka bwanji kuti munthu wotero afe wopanda chuma?"

Ambiri amaloza chala golideyo. Ine ndimati ngongole zinali zitamudya kale mkuluyu.

Sutter anachoka ku Switzerland mu 1834 mothawa angongole, kusiya mkazi ndi ana asanu. Atazungulira ku Missouri, Hawaii mpaka Alaska, anafika ku California mu 1839, derali lili m'manja mwa Mexico. Bwanamkubwa Alvarado anamupatsa maekala oposa 48,000, iye n'kuwatcha New Helvetia. Mu 1841 anagula malo ena otchedwa Fort Ross kwa anthu a ku Russia pamtengo wa madola 30,000, pangongole ndithu, ati gawo lalikulu adzabweza ndi tirigu.

Tiriguyo ankalima ndani? Eni nthaka, a Nisenan ndi a Miwok, ambiri mokakamizidwa. Alendo odutsa analemba kuti phala ankawathirira m'mitengo yogoba, ngati momwe timadyetsera nkhumba, anthu n'kumatapa ndi manja atagwada. Apa mpamene chisoni changa pa Sutter chimachepera.

Ndikukonzeniko pang'ono: malo a golidewo sanali ake. Pa 24 January 1848, James Marshall, yemwe ankamumangira makina ochekera matabwa ku Coloma, anaona tinthu tonyezimira mu ngalande ya madzi. Coloma inali kunja kwa malire a Sutter. Sutter anayesa kubisa nkhaniyo, anayesanso kuchita lendi malowo, koma Bwanamkubwa Mason wa asilikali a America, omwe panthawiyi ndiwo ankalamulira California, anakana.

Mbiri itawanda, antchito anataya makasu n'kuthamangira kumtsinje. Tirigu anasowa womukolola, zikopa zinaolera momwe ankazifufutira, obwera ankapha ng'ombe zake ndi kumanga pamalo ake osapempha. Angongole nawo anatulukira. Mwana wake, yemwe anali atamutsatira ku California, ndiye anadula mapuloti n'kumagulitsa kuti abweze ngongolezo, ndipo mzinda wa Sacramento unayamba motero.

Sanafe wopemphetsa ayi. Boma la California linamupatsako madola 250 pamwezi kwa zaka zingapo. Nyumba yake ya ku Hock Farm itapsa mu 1865, anadzakhazikika ku Lititz, Pennsylvania, n'kumapitapita ku Washington kukapempha chipukuta misozi cha madola 50,000. Aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya America, anatseka zokambirana osavomereza, ndipo patangopita masiku awiri, pa 18 June 1880, anamwalira m'chipinda cha hotela ku Washington komweko.