Yankho: Kodi bungwe la eni migodi limagwira ntchito yanji?

Mwafunsa ngati mabungwe oimira makampani a migodi ali mbali ya boma. Ayi, si a boma. Ndi makampani eniake amene amasonkherana ndalama kuti azilankhula ndi mawu amodzi pamene boma likukonza malamulo, misonkho kapena mitengo ya magetsi.

Chitsanzo chabwino ndi Chamber of Mines ya ku South Africa, yomwe inakhazikitsidwa ku Johannesburg mu 1889, ndipo mu 2018 inasintha dzina kukhala Minerals Council South Africa. Mu 2017, boma litalengeza kuti gawo la anthu akuda mu umwini wa migodi likwere kuchoka pa 26 kufika pa 30 pa 100 alionse, bungweli linathamangira kukhoti, nkhaniyo n'kubwereranso pa zokambirana. Umu ndi momwe amagwirira ntchito: amayamba ndi makalata ndi misonkhano ndi nduna, zikakanika amatuma maloya.

Kwa ife Amalawi bungweli si lachilendo, chifukwa ndi lomwe linali mwini wa Wenela, imene inkalemba azigogo athu ntchito ya ku Joni. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kumudzi, Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo eni migodi anavutika kupeza olowa m'malo mwawo.

Choncho mukamva bungwe lotere likudandaula za misonkho, mverani ndithu, pakuti ntchitoyo limaidziwa, koma likulankhulira eni migodi. Olankhulira ogwira ntchito pansi ndi ena, monga National Union of Mineworkers.