Yankho kwa amalume pa za laputopu yatsopano ija

Eee amalume mwaswera bwanji, ndaona funso lanu mugulupu muja ndiye ndati ndingojambula voisi chifukwa kulemba zitalika. Mwati mwakopera foda yonse ya Program Files pa flashi nkuiponya mu laputopu yatsopano koma Word ndi Excel zikukana kutseguka. Eya zimenezo sizingatheke olo mutakopera kakhumi. Pulogalamu ikamalowa mu Windows siikhala mu foda imodzi yokhayo ayi, imamwaza tizidutswa take malo osiyanasiyana, tina mu foda ina yobisika yotchedwa AppData, tina mu registry momwe Windows imalembamo kuti pulogalamu yakuti ilipo ndipo izigwira ntchito motere. Ndiye inu mwadula nthambi, mizu yatsala mu makina akale aja.

Mapulogalamu samasamutsidwa amalume, amaikidwanso mwatsopano. Zosamutsa ndi mafayilo anu, makiyi ndi mapasiwedi basi.

Tiyambe ndi Office, momwe muli Word ndi Excel, yomwe ikukusowetsani mtendereyo. Ngati munagula nokha ndipo inalumikizidwa ndi akaunti yanu ya Microsoft, mungolowa mu akauntiyo pa laputopu yatsopano nkuidawunilodanso, kapena fufuzani kakhadi kaja kali ndi product key ya zilembo ndi manambala 25. Koma ngati anakuikirani anyamata apashopu ija ya kiraki, yobera yopanda laisensi, iyayi isiyeni komweko, zimabwera ndi mavairasi zija ndipo inu mumasungamo zamabizinesi. Kuli LibreOffice, yaulere, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel bwinobwino, kungoti mabatani ake akusokonezani pang'ono masiku oyamba. Komanso Office ndi yaikulu, ma GB angapo, ndiye musaidawunilode ndi bandulo ya pafoni mulira nayo, pezani pomwe pali wifi.

Pa flashi paja ikanipo Documents, Desktop, Downloads ndi Pictures, anthu ambiri amaiwala Desktop pomwe ndi pamene pamakhala ma invoice onse. Kapulogalamu kanu kowerengera ndalama kaja musakopere foda yake, katsegulireni pa makina akale, pitani pa backup, fayilo imene ituluke ndi imene mudzaipange restore mukakaikanso kwinaku, ndipo onani vesheni yake chifukwa fayilo yochokera mu vesheni yatsopano nthawi zambiri imakana kutseguka mu yakale. Chrome ndiye yosavuta, lowani ndi Gmail yanu, yatsani sync, mapasiwedi ndi ma bookmark abwera okha. Printa nayo ifuna draiva wake, kapulogalamu kothandiza kuti izimvana ndi laputopu, mumutenge pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga printayo, osati masaiti achilendo aja odzaza zotsatsa.

Zija mumati muigulitse yakaleyo kapena muwapatse ana, dikirani kaye mpaka zonse zitayamba kugwira ntchito pa yatsopanoyo. Mudziwenso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye ngati yakaleyo ili ndi Windows 10 ndipo ikhalabe pakhomo osamalowera nayo ku banki. Mukatsimikiza kuti palibe chatsala, pitani ku Settings, Reset this PC, nkusankha Remove everything, apo ayi wogulayo akapeza zithunzi za banja lonse ndi ma statement anu.

Pakadali pano ndijambulireni mndandanda wa mapulogalamu onse ali mu yakaleyo, uli mu Settings pa Apps, munditumizire kuinboksi ndikuuzeni oyenera kuika ndi ongodya malo. Loweruka ndidutsa, mupereke moni kwa azakhali.