Musanadule thabwa, yezani kaye sipikayo

Achimwene, mwafunsa kuti ma woofer (masipika a besi) awiri a mainchesi 12 amene mwawachotsa m'bokosi lakale la m'ma 1970, opanda pepala lililonse la manambala, akufunika bokosi la malita angati, ndiponso ngati likhale lotseka kapena la paipi ya mpweya. Amene akuti "12 inchi iliyonse malita 60 basi" akungoponya mwala kumdima. Masipika awiri ofanana kukula akhoza kufuna mabokosi osiyana kwambiri, ndipo sipika yazaka 50 siinganso mmene inatulukira kufakitale. Yankho lili m'manambala amene amatchedwa Thiele-Small, kuchokera kwa Neville Thiele wa ku Australia amene analemba za izi mu 1961, ndi Richard Small amene anazikulitsa kumayambiriro kwa m'ma 1970. Ofunika kwa inu ndi Re (ma ohm a waya wa koyilo ya sipika), Fs (frequency imene sipika imanjenjemera mosavuta kwambiri), Qts (nambala yosonyeza mmene imapitirizira kunjenjemera pa Fs) ndi Vas (kufewa kwa sipika, koyezedwa m'malita a mpweya).

Koma yambani mwaona ngati sipikayo ili bwino. Kankhani cone, pepala la kutsogolo limene limagwedezeka lija, pang'onopang'ono ndi zala zinayi mozungulira kapu ya pakati. Mukamva kukhula, koyilo ikukhudza chitsulo, ndipo manambala onse adzakhala abodza. Ngati m'mphepete muli siponji yomwe ikunyenyeka mukaigwira, isintheni kaye, chifukwa siponji yatsopano imasintha Fs ndi Vas. Kuyeza musanakonze n'kugwira ntchito kawiri. Ngati m'mphepete ndi nsalu yopakidwa mankhwala, nthawi zambiri mankhwalawo amakhala atauma gwa. Sipika yomwe yakhala zaka osalira iseweretseni kaye pa 25 Hz kwa maola angapo, ili panja pa bokosi, cone ikuyenda mamilimita awiri kapena atatu, kenako isiyeni ola limodzi izizire. Mukapanda kutero Fs imaoneka yokwera kuposa mmene idzakhalire ikafewa.

Zida zake ndi izi: foni kapena laputopu yokhala ndi pulogalamu yotulutsa sine wave (kulira kwa noti imodzi yokha), amplifaya, rezisita ya 100 ohm, multimeter, sikelo yoyeza magalamu ndi Blu-Tack kapena plasticine. Pa multimeter pali msampha. Zotchipa zambiri kumbali ya AC zimayambira pa 200 V, ndiye sizingawerenge 0.3 V. Pezani yokhala ndi 2 V AC kapena mV. Amplifaya ikhale yozimitsa bass boost ndi loudness.

Re ndiyo yosavuta, komanso ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Gunditsani mawaya awiri a mita, lembani zimene ikuonetsa, mwina 0.3 ohm, ndipo muchotse nambalayo pa zimene mupeze pa sipika. Yezani m'chipinda chachete, chifukwa cone ikagwedezeka imapanga magetsi ake ndipo manambala amavina. Sipika ya 8 ohm kawirikawiri imapereka pakati pa 5.5 ndi 7 ohm. Mukapeza 11 kapena 12, ndi ya 16 ohm, zomwe sizachilendo pa masipika akale.

Tsopano ipachikeni moimirira, monga idzakhalire m'bokosi, kutali ndi khoma. Musaigoneke patebulo: kulemera kwa cone kumaikokera pansi, ndipo ngati maginito ali ndi bowo kumbuyo mumalitseka. Lumikizani amplifaya, rezisita ndi sipika mondondozana, amplifaya itulutse pafupifupi 2 V. Pa frequency iliyonse yezani voteji ya pa sipika ndi ya pa rezisita, ndipo Z, ma ohm a sipika pa frequency imeneyo, = 100 × voteji ya sipika ÷ voteji ya rezisita. Njirayi ndi yabwino chifukwa mita zambiri zimalakwitsa pansi pa 40 Hz, koma zikalakwitsa mofanana mbali zonse ziwiri cholakwacho chimafafanizika pogawa. Yezaninso rezisitayo; ikakhala 98 ohm, gwiritsani 98.

Yendani kuchokera pa 100 Hz kutsika. Pamene voteji ya pa sipika yafika pachimake ndiye Fs, ndipo Z ya pamenepo ndi Zmax. Pafupi ndi nsonga sunthani theka la Hz nthawi imodzi. Tiyerekeze kuti mwapeza Re 6.0 ohm, Fs 40 Hz, Zmax 54 ohm. Gawani Zmax ndi Re, mupeze r0 = 9. Square root ya 9 ndi 3, ndipo 3 × 6.0 = 18 ohm. Funani malo awiri, kumunsi ndi kumtunda kwa Fs, pamene Z ili 18 ohm. Tinene kuti ndi f1 = 28.5 Hz ndi f2 = 56 Hz.

Musanapitirire, dziyeseni nokha: chulukitsani f1 ndi f2, mutenge square root. Apa ikutuluka 39.9, pafupi ndi 40, ndiye zili bwino. Ikasiyana ndi Fs kupitirira 1 Hz kapena 2, bwererani. Mwina mwaphonya nsonga, kapena mwakweza mawu kwambiri moti cone ikutuluka m'malire ake.

Tsopano pezani Qts kudzera mu Qms (gawo la siponji ndi zina zoyenda) ndi Qes (gawo la maginito ndi koyilo):

Qms = Fs × √r0 ÷ (f2 − f1) = 40 × 3 ÷ 27.5 = 4.36
Qes = Qms ÷ (r0 − 1) = 4.36 ÷ 8 = 0.55
Qts = Qms ÷ r0 = 4.36 ÷ 9 = 0.48

Vas ndiyo imafuna mtima wodekha. Yezani magalamu 40 a Blu-Tack, mugawe timibulu tinayi tofanana, mumate mozungulira kapu ya pakati motalikirana bwino. Musamate ndalama zachitsulo kapena ma washer, chifukwa chilichonse chokokedwa ndi maginito chimasokoneza muyezo. Kamodzi kakamasuka mumamva kunjenjemera ndipo nsonga imasokonekera. Pepala lakale limang'ambika msanga, choncho pochotsa muzipiringiza pang'onopang'ono, osazula. Pezaninso nsonga yatsopano. Iyenera kutsika ndi gawo limodzi mwa anayi kapena kupitirira. Ikangotsika 2 Hz, onjezerani kulemera, apo ayi kalakwidwe kakang'ono kamakula m'masamu.

Tinene kuti yatsika kufika 29 Hz. Kulemera kwa zonse zoyenda, Mms, ndi 40 ÷ ((40 ÷ 29)² − 1), kutanthauza magalamu 44, kapena 0.044 kg. Kufewa kwake, Cms = 1 ÷ ((6.283 × 40)² × 0.044), pafupifupi 0.00036. Kenako Sd, kukula kwa nkhope ya cone: yezani ndi rula kuchokera pakati pa siponji mbali ina kufika pakati pa siponji mbali inayo, osati felemu yonse. Pa 12 inchi zimakhala ngati 26 cm, ndiye Sd = 3.14 × 13 × 13 = 531 cm², kapena 0.0531 m². Samalani pano, chifukwa Sd imadzichulukitsa yokha m'masamu a Vas. Kuphonya ndi sentimita imodzi kumasuntha Vas pafupifupi 15 peresenti. Vas = 140000 × Sd² × Cms, ikutuluka 0.14 m³, malita 140.

Amene ali ndi laputopu akhoza kuchita zonsezi ndi pulogalamu yaulere ya REW ndi rezisita imodzi pa sound card, koma masamu ake ndi omwewa, ndipo ndi bwino kuwadziwa kuti muzindikire kompyuta ikamanama.

Manambalawa akutiuza chiyani? Mwachidule, Qts yochepera 0.4 imakonda bokosi la paipi, ya pakati pa 0.4 ndi 0.7 imakonda lotseka, ndipo yopitirira 0.7 inapangidwira mawailesi akale otsegula kumbuyo. Mukaitsekera m'kabokosi imangoti bu bu pa noti imodzi. Ya chitsanzo chathu, pa 0.48, ine ndingaiike m'bokosi lotseka. Kukula kwake ndi Vb = Vas ÷ ((Qtc ÷ Qts)² − 1), pomwe Qtc ndi Qts ya sipika ikakhala m'bokosi. Mukafuna Qtc ya 0.71, besi yosalala yopanda chotupa, mukupeza malita 120, ndipo bokosilo lidzalira bwino mpaka cha pa 59 Hz lisanayambe kutsika. Mukaona kuti 120 yakula, malita 56 akupatsani Qtc ya 0.9, besi yonenepa pang'ono koma yosazama. Malitawa ndi a m'kati, mutachotsa malo a maginito ndi mitanda yolimbitsira, ndipo kudzaza ubweya wa m'mapilo kumachititsa bokosi kukhala ngati lakula pang'ono.

Chenjezo lina: mukapeza Fs yotsika kwambiri, cha m'ma 20 Hz, ndi Vas yaikulu zedi, mwina muli ndi sipika ya mtundu wa acoustic suspension, umene Edgar Villchur wa Acoustic Research anayambitsa mu 1954. Zoterezi zimadalira mpweya wotsekeredwa kuti uzigwira cone. Mukaiika m'bokosi la paipi n'kukweza mawu, koyilo imagunda pansi.

Pomaliza yezani onse awiri paokha. Akasiyana Fs ndi 10 peresenti kapena kucheperapo, tengani pakati n'kupanga mabokosi ofanana. Koma ngati imodzi ili ndi Re yofanana ndi inzake pomwe Qes yake yakwera kwambiri, ganizirani za maginito. Masipika ambiri akale ali ndi maginito a alnico, amene amafooka akapatsidwa mphamvu yopitirira muyezo, ndipo bokosi silingabwezeretse zimenezo. Amafunika kuwachajanso pa makina ake. Re ikasiyana kwambiri, mwina wina anakulungapo koyilo ina. Ikani pano Re, Fs, Zmax, f1, f2, magalamu amene munamata, nsonga yachiwiri ndi masentimita a cone za sipika iliyonse, tiwerengere limodzi musanapite kwa kalipentala.