Za Mercury ndi ngozi za ndege

Achemwali, mwafunsa ngati kuli bwino kusintha tsiku la ulendo wa mayi wopita ku Johannesburg, poti openda nyenyezi a pa TikTok akuti nyengo ya "Mercury retrograde" (pamene pulaneti ya Mercury imaoneka ngati ikubwerera m'mbuyo) imagwetsa ndege, ndipo umboni wawo ndi ndege ya Ethiopian ija. Tikiti isiyeni momwemo, mungoluzapo ndalama.

Tsikulo sakunama ayi. Ndege ya Ethiopian Airlines inagwa pa 10 Malichi 2019, patangopita mphindi 6 itanyamuka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi, anthu onse 157 n'kufa. Mercury analidi pa "retrograde" kuyambira pa 5 mpaka pa 28 mwezi umenewo. Koma anthu aja satchula mnzake wa ndegeyo. Pafupifupi miyezi isanu m'mbuyo mwake, pa 29 Okutobala 2018, ndege ya Lion Air inagwera m'nyanja ku Indonesia ndi anthu 189. Mtundu wake womwewo, Boeing 737 MAX, matenda akenso omwewo. Tsiku limenelo Mercury anali kuyenda bwinobwino. Mukawauza zimenezi amati, "Eya, koma Nthanda ndiye inali kubwerera m'mbuyo." Mapulaneti alipo ambiri, tsiku lililonse sipalephera kupezeka imodzi yoikankhira mlandu.

Matendawo anali otani? Kunja kwa ndege, pafupi ndi mphuno yake, kuli kachipangizo koyeza mmene mphepo ikuiwombera. Boeing inaika pulogalamu yotchedwa MCAS yoti izitsitsa mphuno ndege ikapenya kumwamba kwambiri, koma inkamvera kachipangizo kamodzi kokha. Kachipangizoko katanama, kompyuta inayamba kukanikizira mphuno pansi, oyendetsa akukoka, iyo ikukanikiza, mpaka kuwaposa mphamvu. Oyendetsa a Lion Air sanauzidwe n'komwe kuti MCAS ilimo m'ndege yawo. Ofufuza atapeza zimenezi panali chogwira: ndege zonse za mtunduwo zinaimitsidwa, ku America kwa miyezi 20, pulogalamu inakonzedwa kuti izifananiza zipangizo ziwiri, oyendetsa anabwerera kukaphunzira. Nanga akanati wolakwa ndi Mercury, makaniko akanamanga bawuti iti?

Komanso Mercury sabwerera m'mbuyo. Amazungulira dzuwa masiku 88 pomwe ife timatenga 365, ndiye akamatipitirira amangooneka choncho, monga lole imaonekera ngati ikubwerera inu muli pawindo la basi yothamanga. Zimachitika katatu kapena kanayi pachaka, milungu itatu nthawi iliyonse. Werengani nokha: ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chaka. Pa ngozi zisanu zilizonse imodzi iyenera kugwera m'nyengoyo, monganso maukwati ndi zinkhoswe zimagweramo. Ndipo masiku omwewo maulendo a ndege pafupifupi 100,000 patsiku amanyamuka ndi kutera padziko lonse, palibe amawajambulira vidiyo.

Malamulo a ndege ambiri anachokera m'zibenthu za ndege zakugwa. Pa 27 Malichi 1977 pa chilumba cha Tenerife cha dziko la Spain, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana pamsewu wonyamukira muli chifunga chadzaoneni, anthu 583 anafa. Kaputeni wa KLM anaganiza kuti waloledwa kunyamuka. Injiniya wake anafunsa ngati ya Pan Am yachokadi panjira, kaputeni anayankha motsimikiza kuti yachoka, wamng'onoyo n'kukhala chete, monga timachitira pamaso pa akuluakulu. Kuchokera pamenepo mawu akuti "take-off" (kunyamuka) amanenedwa pa wailesi pokhapokha chilolezo chikuperekedwa kapena kuchotsedwa, ndipo oyendetsa amaphunzitsidwa kuti wamng'ono azitsutsa bwana wake akaona cholakwika.

Sindikunyoza mantha anu. Ngakhale a ndege enieniwo ali nazo zikhulupiriro: ndege za Lufthansa, kampani ya ku Germany, zilibe mzere wa mipando nambala 13, ndipo mu 2016 ogwira ntchito ku Pakistan International Airlines anapha mbuzi yakuda pabwalo la ndege itachitika ngozi. Komabe ndegezo zimakaunikidwa ndi mainjiniya, mbuzi kapena popanda mbuzi.

Chakumwamba chimene oyendetsa ndege amachitchera khutu ndi dzuwa. Likalavula mphamvu zambiri limasokoneza wailesi ndi GPS, makamaka kwa ndege zodutsa kumpoto kwenikweni kwa dziko, ndipo kuyambira 2019 bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO lili ndi malo opereka machenjezo a zimenezi. Amachita kuyeza ndi makina, safunsa mwezi umene kaputeni anabadwa.

Mayi muwauze izi basi: nthawi ya dzinja ku Johannesburg kumakonda mvula ya mabingu chakumadzulo, ndiye ndege ikachedwa kapena ikazungulirazungulira isanatere asadandaule. Lamba azimanga nthawi yonse ali pampando, ngakhale kanyali kazimitsidwa, chifukwa ndege ikagwedezeka mwadzidzidzi amene amavulala ndi osamanga aja. Mankhwala awo a BP aike m'chikwama cham'manja, osati m'sutukesi.